Winchi Ikakana, Musathamangire Kumasula Mota

Anyamata inu amene mwayamba kugwira sipanala kuno ku Senga Bay, winchi muzikumana nayo kawirikawiri. Galimoto zokoka maboti zimatitimira mumchenga wa kugombe, ndipo dzinja likafika matope a njira ya ku Lifuwu sasankha dalaivala. Winchi ikakana, mwini galimoto amangofikira kunena kuti mota yake yapsa. Musamuvomereze msanga. Nthawi zambiri mota ilibe mlandu, moto ndiwo sukufika.

Yambani ndi batire. Lodzaza bwino limaonetsa mavoti 12.6 pa mita. Winchi ikamakoka zolemera imatha kumwa maampu oposa 300, choncho batire lofooka limagonja ngakhale likuliza injini. Kenako onani mitu ya batire ndi mawaya akuluakulu. Chinyezi cha kunyanja chimabweretsa dzimbiri ndi ufa wobiriwira uja, ndipo moto sudutsa bwino pamenepo. Chotsani kaye waya wa negativi, tsukani mituyo ndi soda, palani ndi sandipepala, mangani zolimba. Waya wa ethi wa winchi azichokera pabatire penipeni, osati pachitsulo cha galimoto.

Mukatero dinani rimoti, mutchere khutu. Kukakhala zii, yambani mwaona rimoti ndi pulagi yake. Mukamva "tha!" koma ng'oma ya chingwe osazungulira, kayikirani solenoidi. Winchi yokoka koma yokana kubweza, kapena yobweza yokha, imalozanso komweko.

Mota yeseni isanamasulidwe. Ngati ili ya mitu itatu, A, F1 ndi F2, masulani kilatchi ya winchi kuti chingwe chisakokedwe, chotsani mawaya pamituyo koma wa ethi akhale. Lumikizani A ndi F1, mugunditse moto pa F2 pang'ono chabe. Kenako sinthanitsani F1 ndi F2. Ikazungulira uku ndi uku, ndi yamoyo, isiyeni. Ikakana, apo ndiye tsegulani, mutalemba chizindikiro pachikuto kuti pobwezera musasokoneze. Mudzapeza mabulashi akutha, kapena madzi ndi mchenga. Mota ikamalira koma ng'oma ili chiimire, pitani ku kilatchi ndi magiya: tsukani ndi palafini, pakani girizi wochepa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukakonza, chingwe chilemekezeni kuposa zonsezi, chifukwa ndicho chimavulaza. Chawaya musachigwire opanda magolovesi, ndipo chikayamba kuthothoka tinsinga chisintheni. Pokoka, siyani mizere isanu pang'oma, ponyani thumba lonyowa pakati pa chingwe kuti chikaduka chigwe pansi, ndipo ana obwera kudzaonerera athamangitseni patali. Injini izilira nthawi yonse. Mota ikatentha moti simungaigwire, ipumitseni.

Mwini galimoto muuzeni zoona. Ngati vuto linali nati yomasuka, mulipiritseni za natiyo. Kugombe kuno mbiri imayenda msanga, ndipo mawa adzabwera ndi mnzake.