Kulima Letesi m'Miphika pa Nyengo ya Cisanu

Kwa mafumu, nyakwawa ndi alimi onse a m'midzi.

Mvula ikaleka, cimanga cikalowa m'nkhokwe, ndiwo zaziwisi zisowa pamudzi. Bonongwe ndi cisoso ziuma m'munda, nkhwani nayo itha, ndipo amene alibe dimba adalira mfutso kufikira dzinja. Nkhalamba, amasiye ndi iwo okhala kutali ndi dambo ndiwo asauka koposa. Cifukwa cace tifuna kukudziwitsani za mbeu ina ya masamba, dzina lace letesi, imene munthu akhoza kuilima pakhonde pace m'mphika wakale, ndi madzi pang'ono.

1. Makhalidwe a letesi

Letesi si mbeu yatsopano pa dziko lapansi. Anthu a ku Aigupto anamlima zaka zoposa 4,000 zapitazo. Pali zinthu ziwiri zimene mlimi ayenera kuzisunga mumtima. Coyamba, mizu yace njaifupi, ndiye cifukwa cace akula bwino m'mphika. Caciwiri, letesi akonda kuzizira. Kukatentha aleka kuphuka masamba, natulutsa phesi lalitali la maluwa, ndipo utomoni wace woyera ngati mkaka ucuruka, nuwawitsa masamba onse. Njere zacenso zikana kumera dothi likatentha kufika madigiri 30.

Alipo letesi wamutu, wokulunga ngati kabici, monga uja wa dzina la Great Lakes, ndi letesi wamasamba, wosakulunga. Wam'mphika sankhani wamasamba, pakuti akula msanga, ndipo amthyola kawirikawiri osamzula.

2. Nthawi yofesa

Kumapiri kozizira, monga ku Dedza, Zomba, Thyolo ndi Mulanje, yambani kufesa mwezi wa Epulo, ndipo mukhoza kupitiriza kufikira Julaye. Kucigwa ndi kunyanja, monga ku Nsanje, Salima ndi Nkhotakota, nyengo yozizira njaifupi. Fesani kumapeto kwa Meyi ndi m'mwezi wa Juni, osacedwa. Wofesa mu Seputembala adzakolola phesi lowawa.

Musafese njere zonse tsiku limodzi. Fesani pang'ono lero, pang'ono ena pakapita masabata awiri, ndi cotero mtsogolo, kuti wina akamatha wina akhale akukula.

3. Cotengera ndi dothi

Simuyenera kugula kanthu. Mphika wong'aluka, mtsuko wodontha, ndowa yobooka, dengu lakale kapena bokosi la matabwa, zonsezi zikwanira, malinga kuya kwace kukhale masentimita 15 kapena 20, ndiko kuti monga dzanja la munthu wamkulu. Koma cigubu cimene munakhala mankhwala ophera tizirombo kapena mafuta a galimoto musacigwire konse, ngakhale mutacitsuka.

Boolani pansi mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi ndi msomali, kuti madzi otsala azituruka. Madzi akaima m'mphika mizu ibvunda. Pa bowo lalikuru ikani kaphale kuti dothi lisatayike.

Sakanizani miyeso iwiri ya dothi lakuda la pamwamba, monga lija la pansi pa mitengo, muyeso umodzi wa manyowa owolerana, ndi muyeso umodzi wa mcenga. Manyowa akhale a m'khola la ng'ombe, mbuzi kapena nkhuku amene anagonera miyezi yambiri, osanunkha, ofumbutuka m'manja. Ndowe zaziwisi zitentha mizu, ndiponso zinyamula matenda. Dzazani cotengera, koma musiye mpata wa zala ziwiri pamwamba pothirira madzi.

4. Kafesedwe ndi kuokera

Akulu anati mmera mpoyamba. Njere za letesi nzazing'ono, ndipo zifuna kuwala kuti zimere. Mukazikwirira mozama sizituruka ai. Nyowetsani dothi poyamba, wazani njere motalikirana, ndipo muwaze dothi losefa pamwamba pang'ono pokha, losafika theka la sentimita. Thirirani mofatsa ndi citini cobooledwa timabowo, kuti njere zisakokoloke. Zimera pakati pa masiku 4 ndi 10.

Pakapita masabata atatu kapena anai, mbande zikakhala ndi masamba anai, patulirani. Mumphika wamba siyani mtengo umodzi. M'bokosi kapena m'dengu asiyane masentimita 20, koma letesi wamutu 30. Mbande zozulazo muziokere m'miphika yina madzulo, dzuwa litapepa, pamodzi ndi dothi la kumizu. Ambiri acita cisoni popatulira, nasiya mbande khumi mumphika umodzi. Mathero ace zonse zionda.

5. Malo oikapo ndi kathiriridwe

Ikani miphika mbali ya kum'mawa ya nyumba, kuti ilandire dzuwa la m'mawa ndi mthunzi wa masana. Apa ndi pamene mphika uposa dimba: kukayamba kutentha muunyamula ndi kuusendeza pamthunzi. Mangani kathandala kamitengo, kapena cingani ndi bango, pakuti nkhuku ndi mbuzi zikhoza kutha nchito ya mwezi wathunthu m'kamphindi.

Dothi la m'mphika liuma msanga koposa la m'munda, makamaka mwera ukamaomba. M'mawa uli wonse pisani cala m'dothi. Likakhala louma, thirirani kufikira madzi ayamba kudontha pansi. Thirani patsinde, osati pamasamba. Letesi womwa lero ndi kugona ndi ludzu mawa apsa m'mphepete mwa masamba, nawawa msanga. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo ngabwino. Madzi osamba, ocapira matewera kapena a m'cithaphwi musathirire nawo.

Madzulo yang'anani pansi pa masamba. Nkhono ndi mbozi tolani ndi manja. Nsabwe zamasamba zicoka mukazitsuka ndi madzi. Popeza masamba awa adyedwa posacedwa, pewani kuwathira mankhwala.

6. Kuthyola

Letesi wamasamba ayamba kudyedwa pakapita masabata 6 kufikira 8 cifesere. Wamutu afuna masabata 10 kufikira 12. Thyolani m'mamawa masamba akunja awiri kapena atatu pa mtengo uli wonse, ndi kusiya mtima wace, ndipo adzaphukanso. Nyengo ikatentha, siyani mitengo iwiri yamphamvu icite maluwa. Maluwa ace acikasu akasanduka thonje loyera, gwedezerani mitu m'lichero, yanikani njere pamthunzi, ndi kuzisunga m'botolo louma lotseka bwino. Ndiyo mbeu yanu ya caka camawa.

7. Cenjezo pa kadyedwe

Ndiwo zathu zonse tiziphika, ndipo moto upha tizirombo ta matenda. Letesi ambiri amdya wamuwisi, pamodzi ndi tomato, anyezi, mcere ndi mandimu. Pamenepa pali ngozi. Tsamba lothiridwa madzi oipa linyamula kamwazi, njoka za m'mimba ndi kolera, ngakhale lioneka lokongola. M'zaka za 2022 ndi 2023 kolera anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi. Cotero sambani m'manja ndi sopo, patulani masamba limodzi limodzi, ndi kuwatsuka m'madzi owiritsa atazizira, kapena othira klorini. Kukamveka kolera m'dera lanu musadye letesi wamuwisi konse. Mfwafwazeni pamoto monga mpiru wanthete.

Dziwaninso kuti letesi ngwa madzi ambiri, ndipo salowa m'malo mwa bonongwe, mpiru ndi nyemba. Aonjezera ndiwo pa nthawi yosowa. Masamba obiriwira kwambiri ndiwo ali ndi zofunika m'thupi zocuruka koposa oyera a m'kati. Okhala pafupi ndi tauni akhozanso kugulitsa otsala ndi kupeza ndalama ya mcere ndi sopo.

Mau kwa mafumu

Inu eni mudzi, anthu atsata cimene aona pakhomo panu. Yambani ndinu ndi miphika itatu kapena inai. Paketi imodzi ya njere ikwanira mabanja ambiri. Uzani anthu asonkhe ndi kugawana. Tumani anyamata akatutire nkhalamba ndi amasiye dothi ndi manyowa mwezi wa Epulo usanathe. Pamene pali cobvuta, itanani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu adzaone miphikayo ndi maso ace.