Phunziro: Kodi Kutentha kwa Dziko Kudzathetsanso Mitundu ya Zamoyo?

M'matanthwe a ku Chiweta kumpoto kwa Malawi, m'chigwa cha Luangwa ku Zambia ndiponso m'dera la Karoo ku South Africa, akatswiri amafukula mafupa osanduka mwala a nyama zimene palibe munthu anazionapo ndi maso. Mitundu yambiri ya nyamazo inatha pa mliri wa zaka 252 miliyoni zapitazo. Mapiri ophulika a ku Siberia anatulutsa mpweya wochuluka wa carbon dioxide, dziko linatentha, nyanja zamchere zinasowa mpweya wabwino, ndipo mitundu yoposa 80 pa 100 iliyonse ya zamoyo za m'nyanjamo inafafanizika. Mliri wotere, umene umapha mitundu 75 kapena kuposerapo pa 100 iliyonse, wachitikapo kasanu. Funso la phunziro lino nlakuti kodi anthu angathe kupewa wachisanu ndi chimodzi.

Pamene zinthu zafika

Mafakitale asanayambe, carbon dioxide anali magawo 280 pa miliyoni iliyonse ya mpweya wa mumlengalenga. Tsopano wapitirira 420 chifukwa chotentha malasha, mafuta ndi nkhalango. Chaka cha 2024 chinali choyamba kutentha mopitirira madigiri 1.5 poyerekeza ndi nthawi imeneyo. Lipoti la bungwe la IPCC la 2022 linanena poyera: pa madigiri 1.5, mitundu 3 mpaka 14 pa 100 ya zamoyo zapamtunda zimene zinafufuzidwa idzakhala pangozi yaikulu yoti nkutha. Pa madigiri 3 chiwerengerocho chingafike 29, ndipo pa madigiri 5 chingafike 48.

Ziwerengerozi nzoopsa, komabe sizinafike pa 75. Mliriwo sunagamulidwe. Chimene chingaufikitse ndi kutentha kophatikizana ndi mabala ena amene anthu avulaza nawo kale chilengedwe.

Kusowa kothawira

Kalekale nyengo ikasintha, zomera ndi nyama zinkasamuka pang'onopang'ono, kukwera mapiri kapena kulowera kozizira. Zimene zinkafa ndi zimene zinalibe kolowera. Khoswe wina wa pa kachilumba ka Bramble Cay, pakati pa Australia ndi Papua New Guinea, ndiye chitsanzo cha masiku ano: madzi a m'nyanja anakwera nkuononga zomera zimene ankadya, ndipo mu 2019 boma la Australia linalengeza kuti mtundu wake watha.

M'chigawo chino zilumba zoterozo zachuluka ngakhale pamtunda. Nkhalango yozingidwa ndi minda, misewu ndi mauvuni a makala ndi chilumba. Mkungudza wa ku Mulanje, umene mwachilengedwe umamera paphiri lokhalo, unagwetsedwa ndi macheka ndi moto, osati ndi dzuwa. Koma mbande zimene zikubzalidwa lero zili kale pamwamba, ndipo kukatentha zilibe phiri lina lokwera. Nchifukwa chake lipoti la bungwe la IPBES la 2019, limene linati mitundu pafupifupi 1 miliyoni ili pangozi, linaika kusintha kwa nyengo pa nambala yachitatu. Patsogolo pake pali kusandutsa malo achilengedwe kukhala minda ndi midzi, kenaka kudula, kusaka ndi kusodza mopyola muyeso.

Ntchito ziwiri

Ntchito yoyamba ndiyo kuchepetsa utsi, monga mayiko anapanganirana ku Paris mu 2015. Africa yense amatulutsa magawo osakwana 4 pa 100 a carbon dioxide wochokera ku malasha ndi mafuta, choncho mtolo waukulu uli pa mayiko a mafakitale. Kuti mayiko angathe kugwirizana zinaoneka pa pangano la ku Montreal la 1987, limene linaletsa mankhwala oononga mpweya wa ozoni. Koma malasha ndi mafuta ndi ovuta kuwasiya kuposa mankhwalawo, ndipo malonjezo a ku Paris akukwaniritsidwa mochedwa.

Ntchito yachiwiri ili m'manja mwa mlangizi, ndipo kawirikawiri imapeputsidwa. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, dambo losalimidwa mpaka pakati, nkhalango ya kumanda, msangu wosiyidwa m'munda: zonsezi ndi njira zimene njuchi, mbalame ndi njere za mitengo zimadzera pochoka pamalo ena kupita pena. Mtsinje sudziwa malire a dziko, motero mlangizi wa ku Chipata, wa ku Mchinji ndi wa ku Angónia amagwira ntchito imodzi ngakhale amalembera mabwana osiyana.

Mbewu nazonso ndi mitundu ya zamoyo, ndipo zimatha mwakachetechete. Chilala cha 1991/92 chitapsereza chimanga m'chigawo chonse, mapira, mchewere ndi chinangwa zinapirira kuposa chimangacho. Nkhokwe ya mbewu ya mayiko a SADC ku Chalimbana pafupi ndi Lusaka inakhazikitsidwa mu 1989, ndipo ya ku Svalbard m'dziko la Norway inatsegulidwa mu 2008. Phindu la nkhokwe zotere linaoneka mu 2015, pamene bungwe la ICARDA, litasamuka ku Aleppo chifukwa cha nkhondo ya ku Syria, linakatenga mbewu zake ku Svalbard nkukazichulukitsa ku Lebanon ndi ku Morocco.

Komabe mbewu yogona m'firiji imakhala monga inalowera. Imene imazolowera mvula yochedwa ndi ng'amba za pakati pa dzinja ndi imene mayi amasankha chaka ndi chaka nkuipachika pamwamba pa moto m'khitchini. Mlangizi amene amaphunzitsa mudzi wonse mtundu umodzi wa chimanga cha haibulidi, nanyoza nzama, mawere ndi khobwe wa makolo, amachepetsa kothawira kwa mudziwo ngakhale lipoti lake la zokolola likhale lokoma. Akapeza mbewu imene yatsala ndi mabanja awiri kapena atatu okha, ayenera kulemba dzina lake la m'deralo, nthaka imene imakonda ndi mwezi umene imacha, apemphe eni ake pang'ono, natumize ku nkhokwe ya dziko lake, monga ya ku Chitedze ku Malawi kapena ya ku Mount Makulu ku Zambia. Yotsalayo ibzalidwe m'munda wachitsanzo mvula yoyamba ikagwa.