Mafunso ndi mayankho: kuyesa tizida ta khodi tomwe mapulogalamu ambiri amadalira

Kodi laibulale ya tizida ndi chiyani?

Ndi mtolo wa khodi yogwira ntchito zing'onozing'ono zomwe pafupifupi pulogalamu iliyonse imafuna: kuchotsa mipata yotsalira kumapeto kwa mawu, kusanja mndandanda, kuwerengera masiku a pakati pa madeti awiri. Olemba JavaScript amadziwa Lodash ndi Underscore, pomwe a Java ali ndi Apache Commons Lang ndi Guava ya kampani ya Google. Mwina kuntchito kwanu muli nayonso yanu, yomwe aliyense amatengamo.

Nanga unit test n'chiyani?

Ndi kapulogalamu koyesa function imodzi payokha. Mumaipatsa function zinthu zomwe yankho lake mukulidziwa kale, kenako kompyuta imayerekeza zomwe zatuluka ndi zomwe mumayembekezera. Zikasiyana, mayeso alephera, ndipo mwadziwa pomwepo malo omwe pali vuto. Kent Beck analemba SUnit ya chiyankhulo cha Smalltalk, ndipo mu 1997 iye ndi Erich Gamma anapanga JUnit ya Java. Lero a Python ali ndi pytest, a JavaScript ali ndi Jest.

Function ya mizere yochepa, yooneka bwinobwino ndi maso, n'kuiyeseranji?

Chifukwa maso amanama. Mu 2006, Joshua Bloch analengeza kuti function ya binary search yomwe analemba mu laibulale ya Java inakhala ndi cholakwika kwa zaka pafupifupi 9 osaonekera. Kuti ipeze pakati pa mndandanda, inkaphatikiza malo a koyambirira ndi a kumapeto n'kugawa pawiri. Mndandanda ukakula kwambiri, nambala yophatikizayo inkapitirira 2,147,483,647, womwe ndi malire a int mu Java, n'kusanduka nambala ya pansi pa ziro. Anthu ambirimbiri anauwerenga mzere umenewo osaona kanthu.

Laibulale ili ngati mjigo wa pamudzi: madzi ake akaipa, mudzi wonse umadwala. Cholakwika cha mu pulogalamu imodzi chimathera momwemo, koma cha mu laibulale chimalowa mu pulogalamu iliyonse yomwe yatengamo khodi.

Ndiyese zinthu ziti makamaka?

Musataye nthawi yambiri pa zinthu za tsiku ndi tsiku. Mavuto amabisala m'malire. Yesani mndandanda wopanda kanthu, wa chinthu chimodzi chokha, ndi waukulu zedi. Yesani ziro, nambala za pansi pa ziro, komanso null.

Pa madeti samalani koposa. Chaka cha 2000 chinali ndi 29 February, koma cha 1900 chinalibe. Pa 31 December 2008, zida zoimbira nyimbo za Zune 30 za Microsoft zinangouma tsiku limodzi, chifukwa khodi yowerengera masiku sinkadziwa chochita ndi tsiku la 366 la chaka, ndipo inkangozungulira pamalo amodzi. Mayeso amodzi a tsiku limenelo akanaligwira vutolo.

Pa ndalama, kumbukirani kuti mu Python ndi JavaScript 0.1 kuphatikiza 0.2 amatulutsa 0.30000000000000004. Choncho werengerani m'matambala athunthu, ndipo mayeso anu atsimikize zimenezo.

Pa mawu, yesani ndi chiyankhulo cha anthu omwe adzagwiritse ntchito pulogalamuyo. Function ya title ya Python ikalandira ng'ombe imabweza Ng'Ombe, poganiza kuti pambuyo pa apostrophe payamba liwu lina. Nacho chilembo cha ŵ chimatha kusungidwa m'njira ziwiri mu Unicode: ngati chilembo chimodzi, kapena ngati w wotsatana ndi kachizindikiro kapamwamba. Pa sikirini zimaoneka zofanana, koma kompyuta imati ndi zosiyana, moti dzina la munthu likhoza kusowa pofufuza.

Ndiyambe kulemba mayeso kapena khodi?

Kuyamba ndi mayeso, komwe amati test-driven development, kumathandiza kwambiri pa laibulale. Kumakukakamizani kuyamba mwakhala wogwiritsa ntchito function yanu musanailembe, ndipo dzina losamveka kapena malamulo osokoneza mumawazindikira msanga. Koma ngakhale musatsate njirayi, lamulo limodzi musaliphwanye: wina akakuuzani za cholakwika, yambani mwalemba mayeso omwe akulephera chifukwa cha cholakwikacho, kenako konzani. Mukatero, sichidzabwereranso mozemba.

Mayeso anga akukhudza mizere yonse ya khodi. Kodi ndamaliza?

Ayi. Kukhudza mizere kumeneku amati coverage, ndipo coverage imangokuuzani kuti mzere unadutsidwa. Siikuuzani ngati yankho linali lolondola. Binary search ya Java ija ikanatha kukhala ndi coverage ya 100 peresenti cholakwika chili momwemo, popeza mzere wolakwikawo umayenda bwino pa mndandanda waung'ono. Onani SQLite, laibulale yosungira deta yomwe D. Richard Hipp anayamba mu 2000 ndipo lero ili m'mafoni a Android ndi iPhone. Khodi yake yoyesera ndi yochuluka maulendo mazanamazana kuposa ya SQLite yeniyeniyo. Eni ake amayesa ngakhale zomwe zingachitike magetsi akazima pakati pa kulemba, kapena memory ikatha.

Ndilembe yanga kapena nditenge ya ena?

Yambani mwaona ngati chiyankhulo chomwe mukulembera chili nayo kale function imeneyo. Ngati chilibe, ndipo ntchitoyo ndi yovuta monga madeti, nthawi za mayiko kapena kubisa chinsinsi, tengani laibulale yodziwika, yokhala ndi mayeso ndi anthu oisamalira. Koma musadalire munthu wakutali pa kanthu kochepa. Mu March 2016, Azer Koçulu anachotsa pa npm, pomwe olemba JavaScript amatengapo malaibulale, kalaibulale kake ka left-pad, ka mizere 11 yokha, ndipo ntchito zambirimbiri, kuphatikizapo zodalira chida cha JavaScript chotchedwa Babel, zinalephera kumangidwa mpaka npm itakabwezeretsa. Chaka chotsatira, JavaScript inalandira padStart yogwira ntchito yomweyo.

Ndikafuna kusintha function yomwe ena akuigwiritsa kale ntchito?

Mayeso anu ndiwo lonjezo lanu kwa anthu amenewo. Mukasintha za m'kati ndipo mayeso onse akale akudutsa, lonjezo likadalipo. Ngati mwakakamizika kusintha mayeso akale, dziwani kuti mukusintha khalidwe lomwe wina akulidalira. Pamenepo kwezani nambala yoyamba ya version, monga kuchoka pa 1.4.2 kupita pa 2.0.0, ndipo lembani momveka chomwe chasintha.

Ndili ndi laibulale yopanda mayeso ngakhale amodzi. Ndiyambire pati?

Musadikire tsiku loyesa zonse, chifukwa silidzafika. Sankhani function yomwe imaitanidwa kwambiri, muilembere mayeso a m'malire lero lomwe, ndipo konzani kuti mayesowo aziyenda okha nthawi iliyonse wina akasintha khodi. Kuyambira pamenepo, function yatsopano isalowe mu laibulale yanu yopanda mayeso ake.