Galu wanga akutsimphina, kodi ndimupatse Brufen?

Funso: Galu wanga wamtundu wa German Shepherd, wazaka 8, akutsimphina mwendo wakumbuyo, makamaka akangodzuka m'mawa. Anzanga akuti ndimupatse Brufen. Kodi nditero? Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Chonde musatero. Thupi la galu silichotsa ibuprofen, yemwe ali mu Brufen, monga limachitira thupi la munthu. Mankhwalawa amatha kuyambitsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso za galu. Yambani ndi kuyang'ana kuphazi ngati kuli minga kapena chikhadabo chothyoka. Ngati kulibe, ndipo galuyo amalimba mwendo podzuka koma n'kumasukako akayendayenda, nthawi zambiri imakhala nyamakazi. Agalu a mtundu umenewu ambiri amakula ndi mfundo ya m'chiuno yosagwirana bwino, ndipo ikamakhulana zaka zambiri imaperepeseka.

Ena adzakuuzani kuti galu amachira yekha, nanga kuonongerapo ndalama n'kwa chiyani. Zimenezo n'zoona pa kabala kakang'ono, koma mfundo yoperepeseka sibwerera mwakale, ndipo galu amabisa ululu mpaka utakula. Chimene mungathe panyumba n'chachikulu ndithu: ngati wanenepa, chepetsani nsima ndi makombo amafuta, chifukwa kulemera kulikonse kumatsikira pa mfundo yomweyo. Muziyenda naye pang'ono tsiku lililonse, ndipo musamugoneke pasimenti pozizira.

Pitani naye kwa dokotala wa ziweto kapena ku bungwe losamalira nyama la LSPCA mu Lilongwe momwemo, akamupime ndi kumulembera mankhwala oyenera agalu monga meloxicam. Koma akayamba kufa miyendo ndi kuchucha dovu, musamugwire, itanani alangizi a ziweto msanga, chifukwa chingakhale chiwewe.