Za Chipangizo Choona Mumdima, Chotchedwa Radar

Ife okhala m'mbali mwa nyanja tidziwa mantha a usiku wopanda mwezi, pamene mwera uomba ndi mtunda suoneka. Makolo athu ankayenda panyanja poyang'ana nyenyezi, mapiri ndi moto wa kumudzi. Izi zikabisika, munthu ankangopalasa mwamwayi. Amalinyero a ngalawa imene inanyamula Paulo Woyera anaona vuto lomweli, monga tiwerenga pa Machitidwe 27. Iwo anatsimikiza kuti mtunda uli pafupi poyesa kuya kwa madzi ndi chingwe, napeza mikwamba 20, pambuyo pake 15.

Tsono masiku ano sitima zazikulu ziyenda ndi chipangizo chotchedwa radar. Machitidwe ake ngotere. Munthu akafuula patsinde pa phiri, mawu ake abwerera kwa iye, ndipo akabwerera msanga adziwa kuti thanthwe lili pafupi. Radar nayo ifuula, koma ndi mafunde a wailesi, amene athamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Mafundewo akagunda sitima ina kapena chilumba abwerera, ndipo chipangizocho chiwerenga nthawi imene yapita, nichionetsa chinthucho pagalasi ngati kadontho kowala. Mdima ndi chifunga siziwatsekereza.

M'chaka cha 1904 Mjeremani wina, Christian Hülsmeyer, anaonetsa ku Cologne pa mtsinje wa Rhine chipangizo choliza belu sitima ikayandikira. Anafuna kuti sitima zileke kugundana, koma eni sitima sanachisamale. Ine ndiyesa chinthu chachisoni kuti chimene anthu anachinyoza pamtendere anachithamangira poopa nkhondo. Pakuti mu 1935 Robert Watson-Watt anaonetsa ku Daventry, m'dziko la England, kuti mafunde a wailesi angathe kuulula ndege ili kutali, ndipo boma linamanga nsanja zazitali m'mbali mwa nyanja yawo zolondera ndege za adani. Mu 1940 John Randall ndi Harry Boot a ku Birmingham anapanga kachipangizo kotchedwa magnetron, kamene kanachepetsa radar kuti ikwane m'ndege ndi m'sitima. Nkhondo itatha mu 1945, sitima zamalonda zinayamba kuitenga.

Koma tisaganize kuti radar itontholetsa namondwe. Bishopu Chauncy Maples, amene manda ake ali m'tchalitchi chathu cha Oyera Mtima Onse kuno ku Nkhotakota, anamira mu 1895 mphepo itagubuduza ngalawa yake. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inagubuduzika pafupi ndi Florence Bay, nafa anthu 145. Onsewa sanagunde thanthwe lobisika. Anagonja ndi mphepo ndi mafunde.

Ndipo pali china chimene asodzi athu a ku Sani ndi ku Chia ayenera kuchimvetsa. Chitsulo chibweza mafunde a wailesi mwamphamvu, koma mtengo ubweza pang'ono pokha. Bwato losema lili lotsika, lokhala pakati pa mafunde a madzi, ndipo kadontho kake kasokonezeka ndi madontho a mafundewo. Chifukwa chake woyendetsa sitima angathe kuona bwino chilumba cha Mbenji chili kutali, osaona bwato la anthu atatu lili patsogolo pake. Opita ku usipa ndi nyali zawo aoneka ndi maso; amene ali pangozi ndi iye wokavuula matchera mbandakucha wopanda nyali, kapena wozimitsa nyali pobwerera kudooko kuti asunge mafuta.