Ndikaphunzire kuti zaubusa?

Funso: Ndimakhala ku Belgrave, mumzinda wa Leicester, ndipo mtima ukundiuza kuti ndikhale m'busa wa mpingo wa Baptist. Kodi kuno kuli koleji yake?

Yankho: Inalipo kalekale, m'bale wanga. Koleji ya General Baptist, imene Dan Taylor ankaitsogolera ku London kuyambira 1798, inasamukira ku Leicester mu 1843, n'kuchokanso mu 1857 kupita ku Nottingham. Lero yang'anani ku Northern Baptist College ku Manchester, kapena ku Bristol, koleji imene inayamba ndi chuma chimene Edward Terrill anapatula mu 1679. Ambiri amaphunzira uku akutumikira mpingo: Lamlungu paguwa, mkati mwa sabata m'kalasi, Baibulo lili chitsegulire. Koma yambani mwakhala pansi ndi abusa anu, chifukwa njira ya ubusa imafuna umboni wa mpingo wanu.