Motobomba Yakana Kulira

Tiyeni tiwerenge

1. Dimba lathu

Kwathu ndi ku Domwe, m'boma la Angónia, m'cigawo ca Tete. Kwathu ndi kumapiri. Mu Juni ndi mu Julai kumazizira kwambiri. Nthawi imeneyi mvula sigwa.

Ife tili ndi dimba m'mbali mwa mtsinje. M'dimbamo timalima kacewere, kabici ndi matimati. Atate amagulitsa kacewere ku msika wa ku Ulongwe. Ndalama zake timagulira mcere, sopo, makope ndi mapensulo.

Agogo amati: "Nkhondo itatha mu 1992, tinabwerera kuno kucokera ku Malawi. Dimba ili tinkathirira ndi zitini. Msana unkapweteka."

Lero tili ndi makina opopa madzi. Dzina lake ndi motobomba. Mabanja atatu anasonkha ndalama kuti aigule. Banja lililonse lili ndi tsiku lake. Injini ya motobomba imayendera petulo.

2. Injini yakana

Loweruka linali tsiku lathu. Tinalawira ku dimba. Masamba a kacewere anali atafota, cifukwa panapita masiku asanu osathirira.

Atate anadzaza madzi m'pampu. Anatsegula kampopi ka mafuta. Anatseka choki. Kenaka anakoka cingwe. Injini inatsokomola, koma sinalire. Anakokanso. Anakoka kakhumi. Zii!

Amai anada nkhawa. Iwo anati: "Mawa motobomba ipita kwa anzathu. Tikapanda kuthirira lero, kacewere auma."

Atate anati: "Kapena mafuta acepa. Patseni botolo lija ndiwonjezere."

Acemwali anga anati: "Atate, pano pakununkha petulo. Taonani, akudontha pansi!"

Atate anayang'ana. Zoonadi, petulo anali kudontha: do, do, do. Atate anandiuza kuti: "Thamanga, ukaitane amalume ako."

3. Amalume afika

Amalume amakonza njinga zamoto. Iwo anabwera ndi sipanala ndi kansalu koyera.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Tadzuka bwino, alamu, koma makinawa akana."

Coyamba, Amalume anatseka kampopi ka mafuta. Caciwiri, anapempha Amai kuti azimitse moto umene tinali kuotha. Cacitatu, anatiuza ife ana kuti tiime patali. Iwo anati: "Petulo ndi moto sizionana. Ngakhale fungo lake lokha limagwira moto."

Kenaka anamasula pulagi. Pulagi ndi kacitsulo kamene kamathetheka moto m'kati mwa injini. Pulagiyo inali yakuda ndi yonyowa.

Amalume anaseka. Iwo anati: "Alamu, injini iyi ilibe njala. Yakhuta. Kodi mwana akadzaza nsima m'kamwa, mumamupatsa mbamu ina?"

Atate anati: "Iai, angatsamwe."

Amalume anati: "Nayonso injini yatsamwa. Petulo wacuruka, mpweya wacepa. Pulagi yonyowa siyatsa moto."

4. M'kati mwa kabuleta

Ine ndinafunsa kuti: "Amalume, nanga petulo wacuruka bwanji?"

Amalume anati: "Wafunsa bwino, mwanawe. Ona kuno, koma usagwire."

Anatisonyeza kabuleta. Kabuleta ndi malo amene petulo amasakanikirana ndi mpweya. Injini imafuna mpweya wambiri ndi petulo pang'ono.

Kunsi kwa kabuleta kuli kambale. Petulo amatsika kucokera m'thanki, nalowa m'kambalemo. M'kambale muli kacikho koyandama. Pamwamba pa kacikho pali kasingano.

Petulo akadzaza, kacikho kamakwera. Kacikho kakakwera, kasingano kamatseka khomo. Petulo amasiya kulowa.

Petulo akacepa, kacikho kamatsika. Kacikho kakatsika, kasingano kamatsegula khomo. Petulo amalowanso.

Amalume anamasula kambale. Pansi pake panali matope ofiira. Pa nsonga ya kasingano panali kamcenga kamodzi.

Amalume anati: "Wakuba ndi uyu! Kamcenga aka kanaletsa khomo kutsekeka. Petulo anangolowa, nasefukira."

Kamcengako kanacokera kuti? Kanacokera m'botolo. Dzulo Atate anathira petulo osasefa.

5. Madzi afika m'mizere

Amalume anatsuka kambale ndi kasingano. Anagwedeza kacikho pafupi ndi khutu. Munalibe kanthu m'kati mwake. Iwo anati: "Kacikho kali bwino. Kakabooka, kamamwa petulo, nkumira."

Anapukuta pulagi ndi kansalu. Anazimitsa swici, nakoka cingwe kangapo pulagi isanabwezedwe, kuti petulo wotsala atuluke. Ananunkhiza oilo. Oilo sanali kununkha petulo. Tonse tinadikira pang'ono kuti injini iume.

Kenaka anabwezera zonse m'malo mwake. Anatsegula kampopi. Petulo sanadonthenso. Choki anaisiya yotsegula. Anayatsa swici, nakoka cingwe kawiri.

Tututututu! Injini inalira. Poyamba inatulutsa utsi wakuda. Kenaka utsi unatha. Madzi anathamanga m'paipi, nafika m'mizere. Amai analulutira. Pofika madzulo, masamba a kacewere anali atadzuka.

Atate anati: "Zikomo, alamu. Ndikadawonjezera petulo, ndikadangotaya mafuta ndi tsiku lomwe."

Tiyeni tichule

ma me mi mo mu
madzi, mafuta, moto, munda

pa pe pi po pu
pampu, petulo, paipi, pulagi

Mau atsopano

M'Cinyanja timati petulo. M'Cipwitikizi amati gasolina.
M'Cinyanja timati kabuleta. M'Cipwitikizi amati carburador.
M'Cinyanja timati pulagi. M'Cipwitikizi amati vela.
M'Cinyanja timati kacikho koyandama. M'Cipwitikizi amati boia.
M'Cinyanja timati kasingano. M'Cipwitikizi amati agulha.
M'Cinyanja timati injini yakhuta mafuta. M'Cipwitikizi amati motor afogado.

Mafunso

1. Kodi banja ili limalima ciani m'dimba?
2. Ndani anayamba kumva fungo la petulo?
3. Cifukwa ciani Amai anazimitsa moto?
4. Kodi pulagi inali youma kapena yonyowa?
5. Nciani cinaletsa kasingano kutseka khomo?
6. Ukaona petulo akudontha, ucite ciani?

Zocita

Tengani beseni la madzi ndi mabotolo awiri apulasitiki. Botolo limodzi likhale lopanda kanthu, lotseka bwino. Lina mulidzaze mcenga wonyowa. Ikani onse awiri m'beseni. Ndi liti layandama? Ndi liti lamira? Tsopano thirani madzi ena m'beseni. Kodi botolo loyandama lakwera? Umo ndi mmene kacikho ka m'kabuleta kamacitira. Jambulani zimene mwaona.

Citani zimenezi ndi madzi okha. Musagwire petulo.

Kumbukirani

Petulo si coseweretsa. Osamwa. Osanunkhiza. Osayatsa macesi pafupi. Ukaona petulo akudontha, ima patali, uitane munthu wamkulu.

Kwa makolo

Werengani phunziro ili pamodzi ndi mwana wanu. Zimene zalembedwazi zimacitikanso ku njinga zamoto ndi ku majenereta ang'ono oyendera petulo. Zigayo zambiri zimayendera dizilo, ndipo injini ya dizilo ilibe kabuleta.

Injini ikakana, yambani mwaona pulagi. Pulagi ndiyo idzakuuzani kopita.

Pulagi ikakhala yonyowa, petulo wacuruka. Zifukwa zake ndi izi: mwakoka cingwe kambiri choki ili yotseka, citsotso cagwira kasingano, kacikho kabooka, sefa ya mpweya yadzaza fumbi, kapena munapendeketsa makina powanyamula kampopi kali kotsegula. Tsekani kampopi, umitsani pulagi, dikirani mphindi 10 kapena 15, ndipo lizani choki ili yotsegula. Mpata wa pa nsonga ya pulagi, pa injini zambiri za motobomba, umakhala mamilimita 0,7 mpaka 0,8.

Pulagi ikakhala youma, petulo sakufika. Onani ngati m'thanki muli mafuta, ngati kampopi nkotsegula, ndiponso ngati kapaipi ka mafuta katsekeka. Onaninso kabowo ka mpweya ka pa civindikiro ca thanki. Kakatsekeka, petulo satsika.

Injini imafuna magawo pafupifupi 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, tikayeza kulemera kwake. Kwathu kuno ndi kokwera, kupitirira mamita 1000 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo phiri la Domwe limapitirira mamita 2000. Kumalo okwera mpweya umakhala wopepuka kusiyana ndi kucigwa ca Zambezi, ku mzinda wa Tete. Motero injini kuno sicedwa kukhuta. M'mawa wozizira tsekani choki polizira pokha. Injini ikangolira, itseguleni.

Petulo wa m'mabotolo muzimusefa ndi kansalu koyera. Yang'anani pansi pa botolo. Madzi ndi olemera kuposa petulo, conco amakhala pansi ngati timadontho. Madzi akalowa m'kambale, injini imadukizadukiza, kenaka nkuzima. Petulo wokhalitsa amasiya zomata m'timabowo ta kabuleta. Mukamasunga motobomba nthawi ya dzinja, khuthulani thanki ndi kambale.

Oilo akamanunkha petulo, kapena akacuruka yekha, ndiye kuti petulo watsikira m'oilo. Musalize injini. Sinthani oilo coyamba. Musalizenso motobomba m'pampu mulibe madzi, ndipo musalize injini iliyonse m'nyumba yotseka, cifukwa utsi wake umapha.

Musasunge petulo m'botolo la zakumwa pamene mwana angafike. Mwana akamwa petulo, musamusanzitse. Thamangani naye ku cipatala.

Mukatha nchito tsiku lililonse, tsekani kampopi ka mafuta. Pemphani mwana wanu kuti azikukumbutsani.